Mbuna zikuphana m'thanki: mapanga a miyala ndiwamange bwanji?

Funso lachokera kwa owerenga athu a ku Lilongwe amene akusunga mbuna, nsomba zing'onozing'ono za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi: "Ndili ndi thanki yagalasi ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 msinkhu, ndipo ndinaikamo mbuna 12. Pakati ndinasanja miyala isanu pamwamba pa mchenga, pambali pake kanyumba kapulasitiki kogula. Yaimuna imodzi yabuluu yalanda zonsezi. Zinzake zimangokhala pakona m'mwamba, kuseri kwa fyuluta (chosefera madzi), ndipo ziwiri zafa kale zipsepse zitang'ambikang'ambika. Dzulo ndapeza mwala umodzi utapendekeka. Mapanga abwino ndiwamange bwanji? Miyala yoyenera ndi iti, nanga ndiimate ndi chiyani?"

Achimwene, ndiyambe ndi mwala wapendekekawo, chifukwa umenewo sungadikire Loweruka. Mukangotha kuwerenga pano, pindani malaya, pisani manja onse awiri m'madzi, muunyamule muutulutse. Sunapendekeke wokha ayi. Yabuluu ija yakhala ikukumba pansi pake. Mukaiyang'anitsitsa m'mawa mudzaiona: imalowa chamutu m'munsi mwa mwala, n'kutapa mchenga kudzaza kamwa, kubwerera chafutambuyo, kukalavula panja, n'kubwereranso. Kamwa kamodzikamodzi choncho, pofika madzulo patsogolo pa mwala pali kachulu, ndipo pansi pake pali dzenje. Mwala umene unakhala pa mchenga tsopano wakhala pa mphepo.

Ine zinandionekera ndili woyamba kumene, n'chifukwa chake ndimalankhula mokweza pa nkhaniyi. Ndinasanja miyala yokongola kwambiri pamwamba pa mchenga wokhuthala ngati chikhatho, ndinkaitanira anzanga kudzaona. Patatha miyezi iwiri, pakati pa usiku, tinamva phokoso ngati mbale yadothi yagwa kukhitchini. Potsegula chitseko cha pabalaza ndinaponda m'madzi. Mwala wapamwamba unatsetsereka, n'kumenya galasi lam'mbali chakumunsi, mng'alu n'kuyenda mpaka pakona. Tinachezera kutola nsomba ndi tochi, kuziponya m'mabeseni ochapira, ndipo mayi akunyumba sanandilankhule bwino kwa sabata yathunthu chifukwa cha kapeti. Thanki yanu ikadzaza imanyamula malita pafupifupi 240. Yerekezani ndowa 12 za malita 20 zitakhuthukira pabalaza nthawi imodzi.

Tsono tibwere ku funso lenileni. Vuto la m'thanki mwanu si lakuti mapanga ndi oipa. Vuto n'lakuti mwamangira nsomba yolakwika. Kanyumba kogula kaja, ka khomo limodzi, kamakomera yamphamvu: imalowamo, n'kutembenuka, n'kuyang'ana panja ngati mlonda wa pageti, ndipo ili pomwepo imaona thanki yonse kuchokera kukona mpaka kukona. Chilichonse chimene ikuchiona imachiyesa chake. Zinzake zilibe poti n'kuzimiririka m'maso mwake, n'chifukwa chake zathawira kuseri kwa fyuluta, malo okhawo amene diso lake silifikako. Pomanga mapanga a mbuna muziganizira yothamangitsidwa. Yothamangitsa idzipezera yokha malo, ndipo ikawasowa idzakumba.

Amene anasambirapo ndi magalasi a m'madzi ku Cape Maclear, pa Otter Point kapena pachilumba cha Thumbi, akudziwa kuti kumeneko kulibe "tinyumba". Kuli matanthwe ena aakulu ngati galimoto, ena ngati nkhokwe, ogundana ndi osanjikana, ndipo pakati pawo pali ming'alu ndi mipata yosawerengeka, yambiri yake yopapatiza moti dzanja lokha ndilo lingalowe. Ukayandikira, gulu lonse limene linali kudya ndere pathanthwe limangoti balala, kulowa m'ming'alu. Ukadekha pang'ono, uona mitu ikutuluka kwina kosiyana ndi kumene inalowera. Mng'alu uliwonse uli ndi potulukira pena. Yaimuna imene ili ndi malo ake imateteza kadera kozungulira mpata umodzi, ndipo malire ake nthawi zambiri amathera pamene thanthwe lakhota. Mnzake ali kuseri kwa thanthwe lomwelo, pafupi kwambiri, koma poti sakuonana, aliyense akudya zake.

Dzina lakuti mbuna n'lochokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo linafalikira kunja pambuyo pa kafukufuku amene wasayansi Geoffrey Fryer anachita kumeneko m'zaka za m'ma 1950. Nsombazi n'zomamatira ku miyala moti zambiri sizidutsa mchenga wautali kapena madzi akuya kupita ku miyala ina. Ichi n'chimene chinachititsa kuti chilumba chilichonse, ngakhale mulu wa miyala wapansi pa madzi, ukhale ndi mtundu wake kapena maonekedwe akeake. Kansomba kotchedwa saulosi, kamene kaamuna kake n'kabuluu kamizere yakuda pomwe kaakazi n'kachikasu, kwawo n'kumodzi kokha, pa Taiwanee Reef kufupi ndi Chizumulu. Katswiri wa nsombazi, Ad Konings, anakatcha dzinali mu 1990 polemekeza Saulos Mwale, katswiri wotibira amene ankagwira ntchito ndi Stuart Grant wa ku Salima, amene ankagulitsa nsombazi kunja, ndipo kuyambira 2016 kali m'gulu limene asayansi analipatsa dzina lathulathu, Chindongo. Ndatchula zimenezi kuti muone kuti kwa mbuna mwala si chokongoletsera. Ndi munda wake, pobisala pake, pofunsirana ndi poberekera. Miyala isanu pa nsomba 12 zili ngati kuika mabanja 12 m'nyumba ya chipinda chimodzi.

Miyala yoyenera si yosowa kuno kwathu, ndipo simufunika kuitanitsa kunja. M'nyanja momwemo yambiri ndi ya mtundu wolimba uja umene timauona m'mapiri a Dedza ndi m'makwale, wamawangamawanga otuwa, umene susungunuka m'madzi ndipo susintha madziwo. Yakumtsinje yosalala ndi yabwino pa khungu la nsomba, koma yoburungira kwambiri ngati nsangalabwi imavuta kusanja, imagubuduka. Imene ndimaikonda ndi yokhala ndi mbali ziwiri zafulati ndi m'mphepete mosathwa, yaikulu kuyambira ngati papaya mpaka ngati dzungu, kuphatikizapo ingapo yopyapyala yotambalala ngati mphero yoti ikhale madenga. Ya kukwale yongoswedwa kumene imakhala ndi mano. Mbuna ikamathawa siyang'ana, imadzikhula m'nthiti kapena m'diso. Ngati ndi yokhayo mungapeze, khulani m'mphepete mwake pa mwala unzake kapena pa konkire mpaka chala chizidutsa osakanda. Langizo langa n'lakuti musankhe mtundu umodzi wa mwala. Thanki ya miyala yofiira, yoyera, yakuda ndi yamizere imaoneka ngati pamsika, ndipo mtundu wa nsomba umazilala pakati pa zonsezo. Pa miyala yotuwa kapena yoderako, buluu ndi chikasu zimawala.

Pali miyala yoti muisiye pomwe mwaipeza. Uliwonse wokhala ndi mizere ya dzimbiri, kapena timadontho tonyezimira ngati golide kapena mkuwa, usalowe m'thanki, chifukwa zitsulo zimenezo zikamasungunuka pang'onopang'ono zimapha nsomba mosaonetsa chifukwa. Wofumbutuka ukaukanda ndi msomali udzasanduka matope. Wotola m'mbali mwa msewu, pafupi ndi garaja, kudzala, kapena m'munda wothiridwa mankhwala ndi feteleza, ngakhale ukongole chotani, ayi. Ndiponso musakatole m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba zomwezi, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Mwala wa kumeneko ndi nyumba ya wina kale.

Mudzamva anthu akunena za kuyesa mwala ndi viniga. N'zoona: kandani mwala wouma, donthezanipo viniga, ukachita thovu ndiye kuti ndi wa laimu, ngati ija imakumbidwa ku Balaka. Kwa osunga nsomba za m'madzi a asidi, monga za ku Amazon, mwala wotere ndi mdani. Kwa inu si choncho. Madzi a nyanja ya Malawi amakhala pa pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6 (pH ndi muyeso wa asidi m'madzi: ikatsika pansi pa 7, madziwo ndi a asidi), ndipo mwala wa laimu umathandiza kuti madzi a m'thanki asatsike pansi pa mlingo umenewo. Choncho wa thovu ulowe, wopanda thovu ulowenso. Chimene sindingakulangizeni ndi zitsa ndi mizu ya mitengo, zimene zimakongoletsa mathanki a nsomba zina. Zimadetsa madzi ngati tiyi n'kuwakokera ku asidi.

Kutsuka kwake n'kwa burashi yolimba yatsopano ndi madzi okha. Sopo, safu kapena mankhwala otsukira mbale zisayandikire, chifukwa zimalowerera m'timabowo n'kudzatuluka m'thanki. Mukakwecha, ikani m'beseni, thirani madzi otentha, asiyeni azizire okha, kenako vikani m'madzi oyera masiku awiri kapena atatu mukusintha madziwo. Koma musaphike mwala pamoto kapena kuuika mu uvuni. Wina umakhala ndi madzi kapena mpweya m'kati, ndipo ukatentha kwambiri umaphulika. Aliyense amene anaikapo mwala wakumtsinje ngati fuwa akudziwa.

Tsopano maziko, pamene pagona nkhani yonse. Lamulo lake ndi limodzi: mwala uyambe, mchenga ubwere pambuyo. Mwala uliwonse wapansi ukhale pa chinthu cholimba chimene nsomba singachichotse. Koma musaukhazike pagalasi lenileni, chifukwa kansonga kamodzi ka mwala, kapena kamwala kakang'ono kotsekeredwa pansi pake, kamasonkhanitsa kulemera konse pa malo ochepa ngati nsonga ya msomali. Yalani kaye chotchinga. Ambiri amagwiritsa ntchito pulasitiki yoyera ya timabokosi ija imene amatchingira magetsi a m'siling'i m'maofesi, imene m'masitolo amaitcha egg crate. Imadulika ndi pulayasi. Ikasowa, thabwa lodulirapo ndiwo lapulasitiki latsopano, kapena matailosi osapakidwa utoto okhazikidwa pa timadontho ta silikoni (guluu womatira magalasi), zimagwira ntchito yomweyo. Mchenga muuthire pomaliza, mozungulira miyala, wokhuthala masentimita 3 kapena 4 basi. Ikakumba yabuluu ija idzafika pa pulasitiki n'kulekera pomwepo, mwala osasuntha.

Za kulemera anthu amaopa mopitirira. Mwala wolimba uja umalemera pafupifupi makilogalamu 2.7 pa malo amene madzi amalemera kilogalamu imodzi. Mukaika makilogalamu 54 a miyala, atulutsa malita 20 a madzi, ndiye kuti mwaonjezera makilogalamu 34 okha pa thanki imene kale inali kunyamula oposa 240. Galasi lapansi lokhala pa tebulo lafulati, pakati pali chofewa choyera chija chimabwera m'makatoni a firiji, silidandaula ndi zimenezo. Chimene chimaswa thanki ndi mwala wogwa, mwala wotsamira galasi lam'mbali, ndi tebulo lopindika pakati. Yang'anani tebulo lanu lisanalandire katundu wina. Pa thanki ya kukula ngati yanu, makilogalamu 40 mpaka 60 a miyala si ochuluka kwa mbuna.

Posanja, kumbukirani mafuwa. Amayi athu sanasankhe atatu mwangozi: mphika wokhala pa miyala itatu sugwedera ngakhale pansi pakhale pokumbika, pomwe pa inayi umodzi umakhala ukulendewera. Mwala uliwonse umene mukuika pamwamba pa inzake ugunde malo atatu otalikirana. Ukagunda awiri okha ndi katungwe. Yaikulu ndi yolemera ipite pansi, yopepuka pamwamba, ndipo mulu uzichepa pokwera ngati chulu, kulemera kwake kuzigwera m'kati. Mukaika mwala, ukanikizeni ndi chala kumbali zonse zinayi, kenako ugwedezeni ngati mukufuna kuugwetsa. Ukangoti gwede ngakhale pang'ono, utembenuzeni, yesani mbali ina, kapena sinthani ndi wina. Musauchirikize ndi timiyala ting'onoting'ono. Timeneto nsomba imatichotsa. Dziwaninso kuti m'madzi mwala umapepuka ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu, choncho umene unakhala bwino panja ukhoza kusuntha mosavuta m'kati. Ine ndimayamba ndajambula kukula kwa thanki pansi pakhonde ndi choko, n'kusanja pamenepo, kuphwasula, kusanjanso, mwina madzulo atatu, mpaka nditakhutira. Kenako ndimajambula ndi foni mbali zonse, n'kumasamutsa mwala umodziumodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kulakwitsa pakhonde sikuswa galasi.

Mwafunsa zomatira. Yankho langa loona n'lakuti mulu wosanjidwa bwino sufuna guluu, ndipo mulu wofuna guluu kuti uime ndi wosanjidwa molakwika. Pali chifukwa chinanso: tsiku lina mudzafuna kugwira nsomba imodzi yodwala kapena yaikazi ya mazira m'kamwa, ndipo mbuna siigwidwa ndi kaukonde m'thanki ya miyala. Mudzatulutsa miyala yonse. Ngati munaimata kukhala chimulu chimodzi cha makilogalamu 30, mudzachinyamula bwanji chonyowa, choterera, pakati pa magalasi? Pamene ndimamata ndi pa tizidutswa tiwiri kapena titatu tapamwamba, kuti tikhale chinthu chimodzi chonyamulika ndi dzanja. Pamenepo gwiritsani silikoni weniweni wopangira mathanki a nsomba, uja wonunkha viniga akamauma. Wa kubafa ndi kukhitchini, wolembedwa kuti amaletsa nkhungu, ali ndi mankhwala akupha nsomba. Mwala ukhale wouma ndi wopanda fumbi, ndipo mudikire masiku awiri kapena kuposa, mpaka fungo litatheratu, musanauike m'madzi. Ngakhale zili choncho, silikoni amagwira galasi kuposa mwala, ndipo pakapita nthawi amatha kumatuka, choncho asakhale iye wonyamula katundu. Simenti ndiisiye pambali: imagwira zedi, koma yatsopano imakweza pH mopitirira muyeso umene ngakhale mbuna zingapirire, ndipo imafuna kuviikidwa masabata angapo mukusintha madzi. Pa thanki imene muli kale nsomba, sindikuonapo phindu.

Kamangidwe kake m'thanki ya masentimita 120 ndingakachite motere. Milu iwiri, waukulu kumanzere kapena kumanja, wocheperapo mbali inayo, pakati n'kusiya bwalo la mchenga la masentimita ngati 25 kapena 30, ndipo m'bwalomo chakumbuyo muimike mwala umodzi wautali wotchinga kuti wa mulu uwu asamaone khomo la mulu uwo. Mulu waukulu ukwere mpaka magawo awiri mwa atatu a madzi, kapena kuposa. Apa ndi pamene ambiri amalephera: amayala miyala pansi pokha, theka lonse lapamwamba n'kukhala pululu, ndiye yothamangitsidwa ikakwera m'mwamba imaonekera kwa aliyense. Mukamaliza, weramani, ikani diso pagalasi la kumapeto, yang'anani m'litali mwa thanki. Ngati mukuona galasi la tsidya linalo popanda chotchinga, yabuluu ijanso ikuona chimodzimodzi. Onjezerani mwala.

Mipata yake isakhale mabwalo. Mbuna imamva kutetezeka pamene mwala uli pafupi ndi msana ndi nthiti zake. Mpata wa zala zitatu kapena zinayi m'lifupi ndi wokwanira nsomba ya masentimita 10 kapena 12. Phanga lalikulu loti mungalowetsemo chibakera n'kuchitembenuza limangokhala bwalo la nkhonya. Ndipo mpata uliwonse ukhale ndi makomo awiri kapena atatu. Wa khomo limodzi ndi msampha: yofooka ikalowamo, yamphamvu imaima pakhomo n'kumaijompha mpaka kuimaliza. Ndikuganiza kuti ziwiri zanu zija zinafa motero, mwina m'kanyumba komweko kapena pakona. Chiwerengero cha mipata chipose cha nsomba. Pa nsomba 10 zatsalazo, ndingafune malo 15 kapena 20 oti nsomba ingalowe n'kusaoneka. Pewani mipata yoyamba motakasuka n'kumapapatiza m'kati ngati mono, chifukwa nsomba yothawa mwamantha imadzikanikiza mpaka kukanirira. Pakati pa miyala ndi galasi la kutsogolo ndi lam'mbali siyani danga loti dzanja lanu lidutse ndi chopukutira. Kumbuyo mwina musiye danga lokwanira nsomba kudutsa momasuka, limene limasanduka njira yabwino yothawira, koma mwala usatsamire galasi.

Ngati miyala yachepa kapena msana sukulola kunyamula yambiri, pali zothandizira. Miphika yadothi yootcha, yosapakidwa utoto kapena vanishi, ndi yabwino: igonekeni chammbali mutaboola kumbuyo kuti pakhale khomo lachiwiri, ndipo m'mphepete mwa phale mukhule. Kabowo kakang'ono ka pansi pa mphika wa maluwa n'koopsa, nsomba imalowetsamo mutu n'kukanirira. Kakulitseni kapena katsekeni. Zidutswa za mapaipi apulasitiki a madzi akumwa, a mamilimita 50, zodulidwa masentimita 15, mukhoza kuzibisa pansi pa mulu n'kuziphimba ndi miyala. Sizioneka, koma zimapereka tinjira todutsa tambiri popanda kulemera. Njerwa zootcha bwino, zoyera, zopanda simenti, zimatha kukhala maziko obisika. Kukongola kwake n'kochepa, koma nsomba siziwerenga zimenezo, ndipo ndere zikamera zonse zimafanana.

Walira mvula walira matope: miyala yambiri imabisanso zonyansa. Ndowe ndi zakudya zotsala zimaunjikana pansi pa milu pamene madzi sayenda, n'kumaola. Lozetsani potulukira madzi a fyuluta, kapena kapampu kena kakang'ono, kuti madzi aziyenda kuseri kwa miyala n'kukankhira zinyalala kubwalo kumene mungazikoke ndi paipi. Sabata iliyonse posintha madzi, gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, lowetsani paipi m'mipata momwe ingafike. Muzizolowera kuwerenga nsomba zanu nthawi ya chakudya tsiku lililonse. Imodzi ikasowa masiku awiri, ifunefuneni, chifukwa nsomba yofera m'phanga imaononga madzi mofulumira, makamaka magetsi akazima fyuluta n'kuima. Hita yotenthetsera madzi musaipanikize pakati pa miyala; ikhale pamene madzi akuyenda ndipo mwala sungaigunde. Ku Lilongwe m'miyezi ya June ndi July mudzaifuna ndithu, kuti madzi akhale pakati pa madigiri 24 ndi 27.

Tsiku lomanga, chitani zonse kamodzi. Tungani madzi a m'thanki momwemo m'ndowa zoyera zimene sizinaonepo sopo, ikanimo nsomba, vundikirani chifukwa zimadumpha, ndipo yabuluu ija ikhale m'ndowa yakeyake. Zosefera za m'fyuluta zikhale zonyowa m'madzi a m'thanki, musazitsuke pampopi, chifukwa tizilombo tabwino timene timayeretsa madzi timakhala mmenemo. Kokerani mchenga kunja, yalani chotchinga, sanjani miyala, bwezerani mchenga, thirani madzi. Pobwezera nsomba yambani ndi zing'onozing'ono ndi zovulala, zipatseni maola angapo zifufuze mipata, n'kudzamaliza ndi mwini mudzi uja, nyale za thanki zitazimitsidwa. Ngati muli ndi poisunga pabwino pokhala ndi mpweya, ikhale kunja ngakhale masiku awiri kapena atatu. Ikabwerera ipeza dziko lasintha, malire ake akale kulibe, ndipo iyamba pamodzi ndi anzake. Njira yomweyi, yosuntha miyala, muziigwiritsa ntchito nthawi iliyonse mukamaonjezera nsomba zatsopano.

Ndisakunamizeni kuti miyala ithetsa zonse. Simunanene mitundu imene muli nayo, ndipo pamenepo pali nkhani. Ngati yabuluu yanu ili ndi inzake yaimuna ya mtundu womwewo kapena yofanana nayo mizere, atambala awiri salira m'khola limodzi. Imodzi idzafooka basi, ngakhale mumange Mulanje m'thankimo. Mbuna zimalimbana kwambiri ndi zofanana nazo maonekedwe. Chimene chimayenda bwino ndi yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi, mitundu iwiri kapena itatu yosiyana mtundu wa khungu. Labidochromis caeruleus, yachikasu ya chipsepse chakuda ija yochokera m'dera la Nkhata Bay, ndi yofatsa poyerekeza ndi zinzake. Melanochromis auratus, imene yaing'ono imakopa m'sitolo ndi mizere yake yachikasu ndi yakuda, yaimuna yake ikakula n'kuda imasanduka chigawenga, ndipo m'thanki ya masentimita 120 ndimaletsa oyamba kumene. Musadabwenso kumva kuti mbuna zochulukirapo zimakhala mwamtendere kuposa zochepa: zikakhala 15 kapena 18, ukali umagawikana, palibe imodzi yolandira nkhonya zonse. Koma zimenezo zimafuna fyuluta yamphamvu ndi kusintha madzi mosadumphitsa, choncho yambani mwakonza miyala, muone kaye mwezi umodzi.

Mukadzakhala ndi nsomba za Aulonocara kapena utaka m'tsogolo, kamangidwe kadzasintha. Zimenezo zimafuna bwalo lalikulu losambiramo ndi miyala yochepa, ndipo sizipirira chipwirikiti cha mbuna. Nkholokolo, kamlamba kamawanga ka m'nyanja mwathu, kamakhala bwino ndi mbuna ndipo kamakonda denga lotsika lamdima loti kabisalemo masana. Mwala umodzi wafulati wokhazikidwa pa iwiri yaifupi umakakwanira.

Mudzadziwa kuti mwamanga bwino poona zinthu zing'onozing'ono. Pakona ya fyuluta padzakhala popanda nsomba. Mukalowa m'chipinda mwadzidzidzi thanki idzaoneka ngati mulibe kanthu, kenako mitu idzayamba kusuzumira uku ndi uku. Kuthamangitsana kudzakhalapo, mbuna ndi mbuna, koma kudzakhala kwa kamphindi: yothawa yakhota pa mwala, yothamangitsa yabwerera pakhomo pake. Ndipo tsiku lina mudzaona yaikazi imodzi yasiya kudya, kukhosi kwake kwatupa ngati yabisa mtedza m'kamwa, ili duu mumng'alu, ikungoyendetsa nsagwada pang'onopang'ono ngati ikutafuna. Imeneyo yanyamula mazira, ndipo idzakhala choncho pafupifupi masabata atatu osadya. Ndiyo imafuna mpata wopapatiza wa makomo awiri kuposa nsomba ina iliyonse m'thankimo. Ngati mukufuna kuti ana ena apulumuke popanda kuitulutsa, unjikani timiyala tonga mazira a nkhuku pakona imodzi, kutali ndi phanga la yabuluu, kuti pakhale timipata toti tiana tilowe koma zazikulu zisakwanemo.

Ndere zikayamba kumera pamiyala, zobiriwira kapena zoderako, pukutani galasi lokha, miyalayo muisiye. Mudzaona nsomba zikuima chozondoka n'kumazipala ndi milomo tsiku lonse monga zimachitira ku Thumbi, ndipo matumbo awo aatali anapangidwira chakudya chimenecho kuposa chanyama chonona chimene chimazitupitsa mimba.